Mulanje Wani, Mulanje Thu, Mulanje Fili

Ine kuyendetsa galimoto ndidaphunzira mochedwa, ndevu zitakhwima kale, m'chaka cha 2021. Anzanga amene tidamaliza nawo dipuloma ya utolankhani adali atayamba kale kusinthasintha magalimoto a ku Japan, aja amatsikira padoko la Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe, pamene ine ndidali ndikukanganabe ndi makondakitala pankhani ya chenji. Munthu wodya za ndakatulo ndi tinkhani togulitsa ku manyuzipepala galimoto angaione kuti? Koma alamu anga adandiumiriza. Ati mwinimbumba wosadziwa chiwongolero ngwantchito yanji mwana atadwala usiku iwo ali kutali? Adandilipirira theka la ndalama za sukulu, theka linalo ndidakwanitsa ndi tindalama tolakatula pamaukwati.

Aphunzitsi anga adali bambo wachikulire, wa imvi m'mbalimu, amene adakalamba akuyendetsa malole pamsewu wa ku Beira. Sankaseka wamba. Tsiku loyamba, ine mtima uli dyokodyoko kufuna kuona galimoto ikumvera phazi langa, iwo adandisunga theka la ola pabwalo la fumbi injini ili zii.

"Alakatuli," adatero, poti ndimo ankanditchulira, "kuyendetsa ngakhale nyani akhoza, bola mwamuonetsa poponda moto. Ine mwandilipira kuti ndikuphunzitseni kuima."

Mawuwo ndidawalemba m'kabuku kanga. Sikuti ndidawamvetsa ayi, koma ankakoma m'khutu, ndipo ndinkati tsiku lina adzalowa m'ndakatulo. Ndiwo matenda athu olembafe. Mawu timatola ngati mikanda yoti tidzavale, ngakhale amene atipatsa ngati mankhwala oti timwe.

Madalawo ankakonda masamu kuposa aphunzitsi anga a ku sekondale. Ankati galimoto siima pamene waganizira kuti iime. Pali mtunda umene imayenda diso litaona kale choopsa koma phazi lisadafike pa buleki, ndiye palinso mtunda wina umene imayenda mabuleki atagwira. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, galimoto imadya mamita pafupifupi 14 pa sekondi iliyonse. Ukangoyang'ana foni kapena kucheukira mnzako kwa sekondi imodzi yokha, wadutsa kale kutalika kwa basi yaikulu uli wakhungu. Pambuyo pake ndidakaona ndekha manambala a m'buku la malamulo a pamsewu la ku Britain. Pa makilomita 48 pa ola, pamsewu wouma, woyendetsa ali maso, galimoto imaima itayenda mamita 23: mamita 9 oganiza, 14 a mabuleki. Pa makilomita 96 pa ola imafuna mamita 73, ndipo mwa amenewa 55 ndi a mabuleki okhaokha. Taonani pamenepo. Liwiro wangoliwirikiza kawiri, koma mtunda wa mabuleki wachuluka pafupifupi kanayi. Thupi lathu silikhulupirira zimenezi. Phazi limaganiza kuti kawiri ndi kawiri basi.

Za m'mapiri ankanenanso. Ati potsika ku Chikwawa kapena pa Chiweta, amene amangokhalira phazi pa buleki amaotcha mabuleki mpaka aleke kugwira, ndipo fungo ukalimva mochedwa basi watha. Tsika ndi giya yaing'ono, injini ikugwirire galimoto. Koma chimene ankabwereza tsiku ndi tsiku mpaka kunditopetsa chidali cha mpata. Galimoto yakutsogolo ikadutsa mtengo wa magetsi, uyambe kuwerenga mokweza: Mulanje wani, Mulanje thu, Mulanje fili. Ukafika pamtengowo usadamalize, wayandikira kwambiri, chotsa phazi pamoto. Kukagwa mvula uwerenge mpaka sikisi. Ndinkawerenga, inde, iwo akakhala pambali panga. Laisensi nditaitenga, Mulanje adabwerera kwawo ku Mulanje.

Ndiyenera kutchula chinthu chimodzi chokhudza galimoto imene ndidaphunzirira, poti ndipo pagona nkhani. Idali nkhalamba ya magiya, yopanda makina alionse othandiza mabuleki. Ukaponda mwamphamvu pafumbi matayala ankauma gwa n'kumakhwekhwereza, chiwongolero n'kusanduka chokongoletsa. Pa galimoto yotero mankhwala ake n'kupepuza phazi pang'ono kuti matayala ayambenso kuzungulira, kenaka n'kupondanso. Phazi langa lidaphunzira zimenezo. Madala adanenapo tsiku lina kuti magalimoto a masiku ano ali ndi ABS ndipo machitidwe ake ndi ena, koma ine tsiku limenelo mutu udali pa nkhani imene akonzi adaikana.

Kumapeto kwa Okutobala 2022, tsiku Loweruka, alamu adandibwereka Toyota Corolla yawo ya otomatiki kuti ndikatenge mwana wawo ku Limbe, kumene adakagona kwa azakhali ake. Kamtsikana ka zaka 6, mwana woyamba wa mlongo wanga, kolongolola ngati wailesi. Tikunyamuka kudayamba kuwaza chizimalupsa. Simvula yoti munthu n'kuthawira pakhonde ayi, yongonyowetsa phula ndi kudzutsa fungo lija la dothi limene alakatuli tonse talilembapo mpaka kulikola. Chimene sitilemba n'chakuti mvula imeneyi ndiyo yoterera kuposa ya mu Januwale. Miyezi yonse ya chilimwe phula limakhala likusonkhanitsa fumbi, oilo wodontha m'mainjini ndi zinyenyeswa za matayala. Timadzi toyambato sitikokolola zimenezi, timangozikanda kukhala phala.

Mwanayo ndidamukhazika kumbuyo. Lamba sindidamumange. Ndinene zoona, sindidaiwale. Ndidaona kuti ulendo ngwaufupi ndipo iye amadana ndi lamba, ndiye ndidafuna kukhala malume wokoma mtima. Tisadafike n'komwe pa Chichiri adali ataimirira kale pakati pa mipando iwiri yakutsogolo, manja pamapewa anga, akundifotokozera za mnzake amene adameza ndalama ya chitsulo.

Kutsogolo kwathu, mumsewu wa Masauko Chipembere, kudali minibasi. Pagalasi lake lakumbuyo padali mawu a zilembo zikuluzikulu, ndipo pansi pake padali ena a tizilembo ting'onoting'ono. Ine mawu a paminibasi ndimawatolera, ndili ndi kabuku kake. Ndidasendera kuti ndiwerenge ting'onoting'onoto. Ngati mufuna kudziwa kuti mpata udali wotani, yankho ndi limenelo: ndinkatha kuwerenga tizilembo tosaposa chala.

Wina m'mbali mwa msewu adakweza dzanja. Minibasi idaima pomwepo, monga mmene minibasi zimaimira, osafunsa munthu.

Ndidaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Pamenepo chopondera chija chidayamba kunjenjemera pansi pa phazi langa, gu-gu-gu-gu, ngati chikundikankha kuti ndichoke, kwinaku pansi pa galimoto pakumveka kukukuta ngati chigayo chameza mwala. Mumtima ndidati chathyoka chinthu. Phazi, lokhulupirika ku maphunziro a pa nkhalamba ija, lidadzuka. Lidabwereranso, koma pakati pa kudzuka ndi kubwererako padapita mamita amene ndidalibe.

Phokoso lake silidali lalikulu. Phu! basi, ngati wagwetsa thumba la chimanga. Tidagunda pa liwiro lochepa, mwina makilomita 20 pa ola, liwiro loti wakabaza wolimba miyendo akhoza kukupitirira. Ine lamba adandigwira pachifuwa. Mwana uja adadutsa pambali pa phewa langa ngati mbalame, n'kukamenyetsa kukamwa pa chogwirira giya.

Padapita kanthawi asadalire. M'moyo mwanga sindidamvepo chete wotalika ngati ameneyo.

Zotsatira zake mukuzidziwa, nonse mudaimapo pamalo a ngozi. Anthu adatuluka ngati ngumbi. Dalaivala wa minibasi adabwera akukalipa kuti malaisensi ogula adzatimaliza, koma ataona magazi pa diresi la mwanayo mawu adamuthera. Mayi wina amene adali m'minibasimo, sindimudziwa mpaka lero, adavula chitenje chake chapamwamba n'kupanikiza pamlomo pa mwanayo, akumunyengerera ngati wake. Apolisi atafika sadataye nthawi. Wagunda mnzake kumbuyo ndiye wolakwa, ndipo ndidalibe choti n'kutsutsa. Ndidayesa kunena kuti minibasi idaima mwadzidzidzi. Wapolisi wina adangondifunsa modekha ngati ndidabadwira kunja, poti aliyense wokulira m'tauni muno amadziwa kuti minibasi imaima mwadzidzidzi.

Kuchipatala adamusoka mlomo wam'munsi katatu. Dzino limodzi lakutsogolo lidalibe mwini. Mlongo wanga atafika sadakuwe, sadanditukwane, ngakhale ndinkalakalaka atatero. Adamunyamula mwanayo, adamuyang'ana m'kamwa, kenaka adandiyang'ana ine.

"Achimwene, adamanga lamba?"

Ndidayang'ana pansi. Kwathu malume ndiye amaitanidwa mwana wa mlongo wake akalakwiridwa, ndiye amakhala kutsogolo pamlandu kufunsa kuti wachita izi ndani. Tsiku limenelo wofunsa ndi wofunsidwa adali munthu mmodzi, ataima m'khonde la chipatala ndi makiyi a galimoto ya eni m'thumba.

Alamu za galimoto sadazitchule n'komwe, ndipo zimenezo zidandipweteka kuposa akadanditumizira bilu. Ndidalipira ndekha kwa amakanika pang'onopang'ono, miyezi isanu. Sabata yoyamba mnyamata wa pagalajapo adandiitanira pambali n'kundipatsa kanthu kokulunga m'pepala. Adakapeza pansi pa mpando. Kadali kadzino, kakang'ono ngati njere ya mpunga.

Patapita mwezi ndidapita kwa madala aja. Ndinkayembekeza kuti andinyoza. Adamvetsera nkhani yonse ali chete, kenaka adati tikabwereke galimoto ya ABS. Lamulungu m'mamawa, mvula itagwa usiku, tidapita pamsewu wina wa kumafakitale kopanda anthu.

"Fikani pa 40. Ndikati ima, pondani ngati mukupha njoka, ndipo musachotse mpaka galimoto itaima."

Ndidaponda. Gu-gu-gu-gu. Phazi lidafuna kuthawa.

"Musachotse! Kunjenjemerako ndiye kuti ikugwira ntchito!"

Tidabwereza kakhumi. Apo m'pamene adandifotokozera bwino, ine tsopano makutu ali tcheru. Pa tayala lililonse pali kachipangizo koona ngati likuzungulira. Likafuna kuuma, makinawo amalimasula n'kuligwiranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi, msanga kuposa mmene phazi la munthu lingathere. Ntchito ija ndinkayesa kuchita ndi mwendo wanga galimoto idali ikuichita kale, ine n'kuisokoneza. Phindu lake lalikulu n'lakuti matayala akamazungulirabe chiwongolero chimamvera, ukhoza kuponda buleki kwinaku ukukhota kuzemba chimene chili kutsogolo. Sizachilendo ayi: Mercedes-Benz ndi Bosch adaziika m'magalimoto ogulitsa kuyambira 1978, ine ndisadabadwe. Ndipo kudziwa ngati galimoto ili nayo n'kosavuta. Ukangotembenuza kiyi, kanyali kolembedwa ABS kamayaka pang'ono n'kuzima. Ndidakhala ndikukaona kanyaliko chaka chathunthu osafunsa kuti kakuti chiyani.

Koma madala sadandilole kubisala kumbuyo kwa makina. Ati ngakhale phazi likadakhala pomwepo, pa mpata umene ndidasiya, paphula lonyowa, mwina ndikadagundabe. ABS sipanga mamita amene iwe mwini udawataya. Adandifunsa kuti ndidawerenga Mulanje angati. Ndidati sindidawerenge. Adagwedeza mutu, osanenanso kanthu.

Za lamba ndidakafufuza ndekha usiku wina tulo titasowa. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene tonse timamudziwayu adamukonza ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959, ndipo kampaniyo idalola ena onse kumugwiritsa ntchito osalipira. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, munthu wosamangidwa amapitirira ndi liwiro lomwe lija mpaka atapeza chomuimitsa. Kugunda pa makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10. Pa makilomita 20 anga aja kuli ngati kugwa chafufumimba kuchokera pa mita imodzi ndi theka, kuposa msinkhu wa mwanayo, kukamwa kuli patsogolo. Ndidayesa kuwerengera kuti zikadatha bwanji ndikadakhala pa 50, koma ndidatseka kabuku.

Lipoti la bungwe la WHO la 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamisewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe china chimene chimapha kuposa ichi. Nambala zotere ndidazilembapo kangapo m'nkhani zanga, kapu ya tiyi ili pambali. Ife timati ngozi, mawu omveka ngati chinthu chogwa kumwamba, ndipo pamaliro timati idali nthawi yake, ena n'kumanong'ona za malo a mizimu pamsewu wakutiwakuti. Sinditsutsana ndi olira. Koma yanga ija ndikhoza kuiyala patebulo chidutswachidutswa: lamba amene ndidamuona n'kumusiya, tizilembo timene ndidafuna kuwerenga, phazi limene lidadzuka. Mfiti sidafunike.

Dzino lija lidali la paubwana, loti likadagweruka lokha. Nditamupatsa mwini wake adakondwa kwabasi, adakaliponya padenga monga tinkachitira ife, ndipo linzake lidamera bwinobwino. Chipsera chokha ndicho chidatsala, kamzere koyera pansi pa mlomo, kooneka akamaseka. Amaseka kawirikawiri.

Padatha chaka ndi miyezi mlongo wanga asadalole kuti ndimunyamulenso. Tsiku limene adalola sadanene mawu ambiri, adangoima pageti manja ali m'chiuno mpaka ataona lamba atalowa, kwapu. Tidadutsa msewu womwe uja. Pafupi ndi Ginnery Corner minibasi ina idatilowerera kutsogolo, ndipo kumbuyo kwanga ndidamva kamawu kakuwerenga, poti ndidamuphunzitsa ngati masewera.

"Mulanje wani, Mulanje thu... Amalume, mwayandikira."

Ndidachotsa phazi pamoto. Pagalasi la minibasiyo padali mawu, koma pamene tidali sankawerengeka.