Mitengo ya ku Mchinji imafa ludzu chiimire

Mukachoka ku Lilongwe pa msewu wa M12, mumayenda makilomita oposa 100 kenako mapiri a Mchinji amatulukira kutsogolo kwanu. Kuseri kwake ndi Zambia, ndipo chipata cha Mwami chili pafupi. Mtsinje wa Bua umayambira m'dera lomweli n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota.

Ndinakwera m'nkhalango ya m'mapiriwa mu Seputembala, nthawi imene miombo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe. Imatha kutero chifukwa mizu yake imazama ndipo imasunga chakudya. Koma pakati pa kufiirako ndinaona mitengo ina ikuluikulu itauma chiimire, makungwa akusendeka, popanda chizindikiro cha nkhwangwa. Bambo wina wolima mtedza amene anandiperekeza anati inayamba kufooka pa chilala cha 2024. Chaka chimenecho El Niño anaumitsa mbewu, mpaka pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Nanga mtengo umafa bwanji ndi ludzu? Mkati mwa thunthu muli timitsempha tokweza madzi kuchoka kumizu kupita kumasamba. Nthaka ikauma kwambiri, mpweya umalowa m'timitsemphamo, madzi n'kuduka, ngati paipi ya mjigo yokoka mphepo. Mtengo ukatseka timabowo ta masamba kuti usataye madzi, umalekanso kupanga chakudya. Ndiye ludzu uku, njala uku. Imfa yake siibwera pompopompo. Ina imatha chaka kapena ziwiri ikulimbalimba.

Ku Brazil, m'nkhalango ya Caxiuanã ku Amazon, akatswiri anatchinga ndi mapulasitiki pafupifupi theka la mvula kwa zaka zoposa khumi. Imene inafa kwambiri inali mitengo italiitali, poti madzi amayenda mtunda wautali kuti afike kunsonga.

Miombo yathu inazolowera chilimwe, motero chilala pachokha sichiitha msanga. Vuto ndi anzake amene chimabwera nawo. Chimanga chikakanika, anthu amathamangira ku makala kuti agule ufa, ndipo n'zovuta kumuweruza munthu wanjala. Kenako moto wolusa wa mu Okutobala, woyatsidwa ndi osaka mbewa, umamaliza mtengo wofooka pamodzi ndi mphukira zomera pazitsa. Masuku, bowa ndi uchi zimapita nawo limodzi, ndipo akasupe odyetsa Bua amachepa mphamvu.

Mvula sitingailamule, koma moto tingathe. Kulambula njira zotchinga moto, kutentha udzu msanga ukadali ndi chinyezi, ndi kusiya zitsa kuti ziphuke, ndi ntchito zosafuna ndalama zambiri. Chitsa cha muombo chikapulumuka ku moto ndi mbuzi kwa zaka zingapo, chimabwerera kukhala mtengo.