Mpando Wakutsogolo M'ndeke

M'maparishi a ku Petauke ndi ku Nyimba mabanja ambiri tsopano ali ndi mwana kutsidya kwa nyanja, wina namwino ku England, wina mphunzitsi ku America. Mdzukulu akabadwa, anawo amaitana ambuya kuti akathandize kulera, ndipo funso limene timamva pambuyo pa Misa ndi ili: kodi n'koyenera kugulira mayi wokalamba tikiti ya kutsogolo, ija amati business class, imene mtengo wake umaposa wa kumbuyo katatu kapena kanayi?

Tisanayankhe tikumbukire kuti ulendo wathu umayambira pa siteshoni ya basi. Kuchokera ku Petauke kufika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 400. Basi imadutsa pa Nyimba, pamene amayi amakweza nthochi m'mawindo, nitsikira ku Kacholola mpaka pa mlatho wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968, kenaka nikwera mapiri okhotakhota a Manenekela, amene apaulendo ambiri amawadutsa ali chete, korona ali m'manja. Ulendowu umadya maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Ndeke yochoka ku Lusaka kupita ku Dubai imatenga maola pafupifupi asanu ndi awiri, ndipo wopita ku London ayenera kukweranso ina ya maola ena otero. Choncho ambuya amafika pa bwalo la Kenneth Kaunda miyendo itatupa kale, ulendo weniweni usanayambe.

Achikulirefe tikukumbukira Nkwazi, ndeke ija ya DC-10 imene Zambia Airways inagula mu 1984. Inkapita ku London osasintha, ndipo mu 1988 inayamba kufika ku New York kudzera ku Monrovia. Kampaniyo inagwa mu December 1994. British Airways nayo inaleka kubwera ku Lusaka mu 2013. Emirates inayamba mu 2012, Qatar Airways mu 2021, ndipo ena amadzera ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines, imene chipinda chake chakutsogolo imachitcha Cloud Nine.

Nanga kuseri kwa nsalu imene amatseka ndeke ikanyamuka kuli chiyani? Anthu amakamba za vinyo, za chakudya chobwera m'mbale zadothi ndi nsalu yoyera, za chipinda choyembekezeramo pa bwalo la ndeke. Ife tikuona kuti zonsezo ndi zokometsera chabe, ndipo mayi wozolowera nsima ndi chibwabwa sangazisowe. Chimene munthu amalipira ndi malo ogona. Kumbuyo, kuchokera pa mpando umodzi kufika pa unzake pali masentimita pafupifupi 80, ndipo mawondo amagunda msana wa mnzako usiku wonse. Kutsogolo, m'ndeke zambiri za maulendo ataliatali, mpando umatambasuka n'kusanduka bedi lotalika pafupifupi mamita awiri. British Airways ndiyo inayamba kuika mabedi otere mu business class mu 2000, ndipo mu 2017 Qatar Airways inawonjezapo chitseko, kotero kuti munthu amagona ngati ali m'kachipinda kake. Koma si ndeke iliyonse ili nawo. Mwana wogula tikiti afunse kaye mtundu wa ndeke, chifukwa pali ina imene mpando umangopendekeka.

Katundunso amasiyana. Kawirikawiri wakumbuyo amaloledwa masutikesi awiri a makilogalamu 23, wakutsogolo awiri a makilogalamu 32. Tikudziwa amayi athu: kusiyana kumeneko kumathera mu nsawa, ufa ndi zitenje.

Pali zina zimene tikiti yodula siisintha. Ndeke imauluka pa mamita pafupifupi 11,000, mpweya wa m'kati ndi wouma ndi wopepuka ngati wa pamwamba pa phiri, ndipo onse, akutsogolo ndi akumbuyo, amapuma womwewo. Kukhala maola ambiri osasuntha kungaundanitse magazi m'mitsempha ya m'miyendo, makamaka kwa okalamba ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwa. Woyenda azimwa madzi, aziimirira n'kuyenda pang'ono, ndipo ngati ali ndi BP kapena shuga aonane ndi dokotala asananyamuke, mankhwala ake akhale m'kachikwama ka m'manja. Njinga ya olumala yowakankhira ambuya pa bwalo lalikulu ngati la Dubai imapemphedwa pogula tikiti, ndipo salipiritsa ngakhale kwa wakumbuyo.

Maganizo athu ndi awa. Ngati msana kapena chiuno cha ambuya chili chovuta, ndipo ana angathe popanda kukongola, agule mpando wakutsogolo osachita manyazi. Ngati ndalamayo ichotsa adzukulu pa sukulu, asankhe mpando wa m'mbali mwa kanjira kumbuyo, ndipo alipire galimoto yabwino yochokera ku Petauke, ambuya agone usiku umodzi kapena uwiri kwa abale ku Chelstone kapena ku Chongwe, kuti akakwere ndeke miyendo itaphwa.