Madzi Saiwala Khwawa: Ulendo wa ku Mangochi

Tidanyamuka pa Liwonde kutangocha, pa minibasi yodzaza ndi amayi opita kukaoda usipa. Titapitirira Ulongwe tidaona nyanja ya Malombe ikunyezimira kudzanja lamanja, ndipo dzuwa lisanatenthe tidali titafika pa Mangochi.

Mlendo aliyense amayamba waima pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria. Pafupi pomwepo pali mlatho wa Bakili Muluzi, pamene msewu wa ku Namwera ndi ku Chiponde umawolokera mtsinje wa Shire. Tauni imeneyi idayamba m'chaka cha 1891 ngati linga la asilikali a Britain lotchedwa Fort Johnston, moyang'anizana ndi mudzi wa Mfumu Mponda. Choncho tauni ndi mudzi zakhala moyandikana pano kuyambira kalekale.

Lero malowa ali m'manja mwa makhonsolo awiri. Ina imayang'anira tauni, imene pa kalembera wa 2018 idali ndi anthu pafupifupi 53,000. Ina imayang'anira boma lonse, la anthu oposa 1 miliyoni, kufikira kwa Makanjira, kwa Jalasi ndi kwa Nankumba. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidapatsa khonsolo iliyonse udindo wokonza mapulani a chitukuko m'dera lake. Ife tidafuna kuona ndi maso athu pamene dera la wina lithera ndi pamene la mnzake liyambira.

Tidayenda wapansi kuchokera kumsika mpaka miyendo kuwawa, koma malirewo sitidawazindikire. Nyumba zidangopitirira, za malata ndi za udzu, zina zomangidwa m'dambo momwe. Mkulu wina amene tidampeza akusoka ukonde adatilandira bwino, natiloza njira imene makolo ake ankadzera popita kudooko. Tsopano njirayo idatsekedwa ndi mpanda wa njerwa, ndipo amayi amazungulira kutali ndi ndowa kumutu. Adationetsanso manda a mudziwo: mapuloti awapanikiza mbali zonse, ndipo malo otsala ngochepa. Adati chimene chimamusowetsa tulo ndi chakuti adzukulu ake adzaikidwa kuti.

Abale ndi alongo, malire ali pa pepala, koma madzi sawerenga pepala. M'chaka cha 2024 nyanja idakwera kwambiri, monga idachitiranso mu 1980, ndipo idalowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo osafunsa kuti mwini wake ali pansi pa khonsolo iti. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Nawo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udasautsa kwambiri boma lino, sudaime pa malire. Chimbudzi chokumbidwa pafupi ndi chitsime cha kumudzi chimadwalitsanso mwana wa m'tauni, ndipo zinyalala za m'tauni zikasowa kotayira zimakathera m'munda wa munthu wa kumudzi.

Nchifukwa chake makhonsolo awiriwa ayenera kukhala pa mphasa imodzi, mafumu ali pomwepo, ndi kujambula mapu amodzi: apa pakhale dambo losamangapo, apa njira ya kudooko, apa manda, sukulu ndi malo opempherera, apo dzala la zinyalala. Malamulo a malo a 2016 adatsegula khomo. Lamulo la mapulani lidati dziko lonse, midzi yomwe, liyendere mapulani. Lamulo la malo a makolo lidakhazikitsa makomiti a malo kwa gulupu, momwe amayi ali ndi mipando yawo, ndipo lidalola mabanja kulembetsa malo awo.

Komatu lamulo silidziyendera lokha. Msonkhano wa komiti ya chitukuko ukaitanidwa, tisatumize ana okha. Bambo ndi mayi tipiteko. Tisanagule puloti tifunse achikulire ngati madzi adafikapo. Tisanagulitse, tikumbukire ana amasiye amene ali ndi gawo lawo pamalopo. Ndipo malo a anthu onse tiwalembetse asanapeze wogula.

Madzulo tidabwerera pa mlatho. Asodzi adali kupalasa mabwato, ndipo Shire adali kutsika mwakachetechete kupita ku Malombe, atasenza zonse zimene tauni ndi midzi zidatayamo tsiku limenelo. Mulungu akalola tidzabweranso, ndipo tikulakalaka kudzapeza njira ya mkulu uja ya kudooko itatsegulidwa.