Si bakiteriya aliyense amayamba ndi glucose

Aliyense wophunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso amaloweza chithunzi chimodzi: mzere wokwera, kuima pang'ono, kenako kukweranso. Ine sinditsutsa chithunzichi. Chomwe ndimakana n'choti tizichitenga ngati lamulo la mabakiteriya onse.

Chithunzichi chinachokera kwa Jacques Monod wa ku France, m'kafukufuku yemwe anamaliza mu 1941. Mukaika E. coli m'botolo lokhala ndi glucose komanso lactose, shuga wa mumkaka uja, amayamba ndi glucose. Glucose akatha, amasiya kaye kuchulukana kuti apange beta-galactosidase, puloteni yophwanya lactose, kenako n'kuyambiranso. Monod anatcha khalidweli diauxie. Funso la chomwe chimayatsa ndi kuzimitsa majiniwo ndi limene linabala lac operon, yomwe iye ndi François Jacob anafotokoza mu 1961. Mu 1965 awiriwa analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi André Lwoff.

Chifukwa chake n'chomveka. Kupanga puloteni kumadya mphamvu, ndiye selo silisula khasu lomwe silikulimira lero. Glucose akamalowa, khomo la lactose limatsekeka, ndipo majini a lactose amakhala chete.

Koma botolo la mulabu ndi phwando. M'dothi ndi m'madzi a mumtsinje mulibe wothira shuga ndi supuni. Zakudya zimabwera zochepa ndiponso zosakanikirana, ndipo zikachepa choncho, E. coli yemweyo amadya mitundu ingapo ya shuga nthawi imodzi. Wanjala sasankha ndiwo. Ena nawo ali ndi zokonda zawo: Pseudomonas amayamba ndi succinate n'kusiya glucose, pomwe Streptococcus thermophilus, wa mu yogati, amakula bwino pa lactose.

Mwina mukuti izi n'zamayeso chabe. Ayi. Mapesi a chimanga akaphwanyidwa amatulutsa glucose ndi xylose. Wofuna kupanga ethanol kuchokera ku mapesiwo amavutika chifukwa tizilombo tambiri timathamangira glucose, xylose n'kutsalira. Nthawi imapita, ndalama nazo zimapita. Amene anangoloweza mzere uja adzangoti ndi mmene zimakhalira. Amene anamvetsa chifukwa chake adzadziwa poti n'kukonza.

N'chifukwa chake ndimalakalaka aphunzitsi akamatifunsa za diauxie aziwonjezera mafunso awiri: ndi bakiteriya uti, nanga shugayo alipo wochuluka bwanji? Popanda mayankho a mafunso amenewa, mzere uja sungatiuze zomwe zichitike kunja kwa botolo.