Mpango wa ku Capri

Tsiku lina nditalandira malipiro, ndinatola pa kaunjika mpango wa silika wokhala ndi kadzina kakuti Emilio. Wogulitsa sankaudziwa, nanenso ndinazindikira mochedwa. Anali Emilio Pucci wa ku Florence, yemwe cha mu 1950 anatsegula sitolo pachilumba cha Capri, n'kumasokera amayi olemera odzawothera dzuwa kunyanja mathalauza olekeza m'akatumba ndi madiresi owala, opepuka, osakwinyika m'sutikesi. Ngakhale Marilyn Monroe anaikidwa m'manda mu 1962 atavekedwa diresi lake lobiriwira.

Chimandikhudza n'chakuti zonsezi ankasokera anthu opuma. Ine tchuthi changa chimathera kumunda, khasu lili m'manja. Mpangowo mayi akunyumba anaulanda. Ndi duku lawo lopitira kuchigayo, ndipo amadandaula kuti limaterera.