Tinaidziŵa Balaka ndi Pakamwa

Tinafika ku Balaka m'mwezi wa Ogasiti 2022, ine ndi akazi anga, titangotha miyezi isanu ndi itatu m'banja. Kwathu ndi ku Dedza, dziko la mapiri ndi chisanu, koma ntchito ndiyo inatisamutsa. Galimoto imene inanyamula katundu wathu inatsika nafe kudzera pa Ntcheu, ndipo titapatuka pa Chingeni mpweya unayamba kutentha, milambe niyamba kuoneka m'mbali mwa mseu. Akazi anga anavula juzi naipinda pamiyendo, osanena kanthu. Pambali pao panali thumba la nyemba ndi la ufa woyera, zimene amai ao anaŵakonzera.

Ine sindinavutike kuzoloŵera, pakuti munthu wa pa ntchito amapeza anzake tsiku loyamba lomwe. Ikakwana 12 koloko anzangawo ankanditenga kunka ku malo odyera amene ali pafupi ndi msika. Ndi tinyumba tochepa, tokhala ndi nsalu pakhomo ndi mabenchi m'kati. Ukangokhala pansi pamabwera mtsikana ndi jagi ya madzi ndi beseni kudzakusambitsa m'manja, nayamba kutchula ndiwo za tsikulo: mbuzi, nkhuku ya chikuda, mlamba, mazira. Poŵeruka madzulo tinkaimanso pa kanyenya, kumene mnyamata amadula nyama tizidutswa nakupatsa mchere wa tsabola pambali. Chotero ndinkafika kunyumba m'mimba muli tho.

Akazi anga ankatsala okha m'nyumba ya lendi. Sanadziŵe munthu aliyense, ndipo amai oyandikana nafe pocheza ankalankhula Chiyao. Tsiku ndi tsiku ankaphika nyemba za kwathu zija mosamala, koma ine ndinkangonyema mbamu ziŵiri ndi kusamba m'manja. Patapita masabata atatu, usiku wina pochotsa mbale anandifunsa:

"Abambo, kodi nsima yanga yaipa liti?"

"Iai, mai, sinaipe. Ndi kutenthaku."

"Nanga fungo la kanyenya limene ndimalipeza m'malaya mwanu pochapa, nalonso ndi kutentha?"

Ndinasoŵa choyankha. Iwo anapitiriza ndi mau otsika, nati: "Inu munafika ku Balaka kalekale. Ine Balaka ndimangomuonera pa zenera."

Mau amenewo anandilasa. Ndinazindikira kuti mlandu wanga sunali wa ndalama zokha, ngakhale kuti nazonso zinali kutha mwezi usanafike pakati. Ndinali nditatenga mwana wa eni kwao, kumene anali ndi amai ake, alongo ake ndi anzake a kuchitsime, ndi kudzamutsekera m'nyumba, ine ndi kumakadyerera tauni ndekha. Akuluakulu anati mapanga aŵiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali kudya paŵiri, banja langa liri pamvula.

M'maŵa mwake ndinaŵapempha kuti Loŵeruka tikadyere limodzi kumene ndinkadya. Poyamba anakana. Kwathu mwamuna wokwatira akaoneka m'lesitilanti anthu amanong'ona kuti mkazi wake walephera kuphika. Nanga mkazi mwini wake akaonekamo adzati chiani? Koma potsiriza anavomera, nandiikira malamulo aŵiri: kuti pakati pa sabata ndizidyera kunyumba, ndi kuti ndalama za Loŵerukalo azisunga ndi iwo.

Loŵeruka loyamba tinakwera kabaza, aliyense njinga yake, mpaka pa chiwaya china pafupi ndi depoti. Mnyamata ali kutembenuza tchipisi m'mafuta, akazi anga anayang'anitsitsa thumba la kachewere limene linali pambali, nafunsa kumene amampikula. "Pa Lizulu, amai," anatero mnyamatayo. Pamenepo anaseka, ndipo kunali kuseka kwao koyamba chifikire. "Tsono kachewere wa kwathu anatitsogolera kuno," anatero, "ndipo iye anazoloŵera kale."

Sabata lotsatira ndinachita manyazi ndine. Tinaloŵa m'lesitilanti ya mai wina wachikulire, wovala mpango wophimba mutu ndi khosi, ndipo ine, pofuna kuoneka wodziŵa zinthu pamaso pa mkazi wanga, ndinaitanitsa nyama ya nkhumba. M'nyumbamo munangoti zii. Akazi anga anandiponda phazi, nandilozera mau akuti Halaal amene analembedwa pakhoma. Anthu ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka ndi Asilamu. Sadya nkhumba, ndipo mbuzi kapena nkhuku amadya yokhayo imene yazingidwa monga mwa chipembedzo chao. Safunsa anadya phula. Koma maiyo sanakwiye. Anati, "Ndinu alendo, ananga? Dikirani ndikupatseni za kuno." Anatibweretsera nandolo wamuŵisi wophika ndi tomato ndi anyezi, ndiwo imene kwathu kumapiri sitiidya kaŵirikaŵiri. Akazi anga atalaŵa anafunsa kaphikidwe kake, ndipo posakhalitsa aŵiriwo anali kukhitchini, ine nditatsala ndekha pa benchi. Potuluka anali ataphunzira moni wa m'maŵa wa Chiyao, wakuti "Ajimwiche uli?", umene Lolemba lake anakayesa pa amai oyandikana nafe aja. Anaŵaseka katchulidwe, koma anaŵayalira mphasa.

Kutha kwa mwezi tinakwera minibasi kunka ku Liwonde, ulendo wa makilomita pafupifupi 30. Kufikira chaka cha 1998 Balaka inali mbali ya boma la Machinga, ndipo pa zakudya maboma aŵiriŵa akali pachibale. Tinaoloka Shire pa Kamuzu Barrage, chotchinga madzi chimene chinamangidwa mu 1965 kuti madzi opita ku makina a magetsi a ku Nkula ndi kunsi kwake aziyenda mwa muyeso. Ku Liwonde mbale yodziŵika ndi ya mpunga ndi nsomba. Mpunga wambiri umachokera ku madambo a Nyanja ya Chilwa ndi ku sikimu ya Domasi. Matemba ndi a ku Chilwa komweko, ndipo milamba ndi makumba zimapezeka m'Shire ndi m'nyanja zoyandikira. Nditaitanitsa chambo, bambo wa lesitilantiyo anandiuza zoona, kuti chimene anali nacho ndi makumba. Anatifotokozera kuti Nyanja ya Malombe, imene kale inkadyetsa dera lonselo chambo, inayamba kusoŵa nsombayi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kuchuluka kwa makoka, ndipo tsopano asodzi ambiri amangopha kambuzi. Tinadya makumba athu okazinga mokondwa, koma ndi maganizo, poona kuti mbale ya munthu imanena za nyanja imene iye sanaionepo.

Tsiku lomwelo tinayesa dyera. Pokhala pafupi ndi nkhalango ya nyama ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973, m'mbali mwa mtsinje muli malo ogona ndi odyera alendo oona nyama. Tinaloŵa pa ena mwa malowo, ndipo anatilandira ndi ulemu wonse natipatsa pepala la mitengo. Akazi anga analiŵerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, nandinong'oneza kuti mbale imodzi inali ndiwo zathu za sabata lathunthu. "Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada," anatero. Tinamwa botolo limodzi limodzi, tiri kumvera mvuu zikulira m'madzi, ndipo tinabwerera ndalama ya mafuta ophikira iri yosakhudzidwa.

M'mwezi wa Malichi 2023 tinapeza lesitilanti ya mai wa nandolo uja iri yotseka masana, pakuti inali nyengo ya Ramadan, pamene Asilamu amasala kudya kuyambira mbandakucha kufikira kuloŵa kwa dzuŵa. Madzulo ena tinamva odi pakhomo. Anali mdzukulu wao, atanyamula bakuli la futali, ndiye mbatata yophika ndi nsinjiro, imene amadya pomasula. Kwathu mbale sibwerera yopanda kanthu. Chotero akazi anga anaidzaza nyemba za ku Dedza, zomwe zija ine ndinkazinyoza, naiperekeza okha. Anabwerako mdima utagwa, ali kunena maina a anthu amene ine wa pa ntchito sindinaŵamvepo.

Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, mitengo ya mafuta, nyama ndi maulendo inakwera, ndipo Loŵeruka lathu lija linasanduka la kamodzi pa mwezi. Sitinadandaule kwambiri, chifukwa ntchito yake linali litagwira kale.

Inu anyamata amene ntchito idzakutengerani kutali ndi kwanu, kumbukirani kuti tauni yachilendo imalandira msanga amene amatuluka m'maŵa, niiŵala wotsala m'nyumba. Kudya m'lesitilanti si mlandu. Mlandu ndi kudyamo wekha mnzako ali kudikira ndi nsima yovundikira. Ndipo inu makolo, musafulumire kudzudzula mpongozi amene mwamva kuti anaoneka pa chiwaya ndi mwamuna wake, pakuti kapena ndi tsiku limenelo anayamba kuseka.

Lero alendo a ku Dedza akatichezera, akazi anga ndiwo amatsogola kumsika, napereka moni kuno ndi uko, ine ndiri pambuyo ndi jumbo. Ndipo ndiwo zimene amaŵaphikira tsiku loyamba ndi nandolo.