Ogwirana Manja M'mlengalenga Amasankhidwa Bwanji?

Chiikireni chithunzi chija cha anthu ambirimbiri atagwirana m'mwamba, foni yanga sikupuma. Ambiri mukuti ndapenga, ndipo amayi anga akugwirizana nanu. Koma achimwene ena a ku Lilongwe anafunsa mosapita m'mbali: "Kodi munalowamo bwanji? Muli ndi munthu wanu kumeneko?" Amenewa ndiwayankhe mofatsa, chifukwa sanaphonye kwenikweni.

Masewerawa amayenda chonchi. Anthu amadumpha m'ndege zingapo zouluka moyandikana, n'kumagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. Asanatsegule maparachuti ayenera kupezana, aliyense pamalo ake, n'kugwira mkono kapena mwendo wa mnzake amene anauzidwa kuti akagwire. Zonsezi zichitike m'miniti imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Gulu lalikulu koposa linali la anthu 400, amene anadumpha m'ndege zisanu za C-130 ku Udon Thani m'dziko la Thailand pa 8 February 2006, motsogozedwa ndi B.J. Worth. Anagwirana masekondi anayi ndi kachidutswa, basi. Bungwe la FAI la ku Lausanne, limene limavomereza zimenezi, lili ndi lamulo louma: musananyamuke mumapereka kwa oweruza pepala losonyeza pamene aliyense akakhale. Anthu 399 akafika bwino, mmodzi n'kuchedwa kapena kugwira polakwika, ndiye kuti palibe chimene mwachita. Mafuta a ndege zisanu apita pachabe chifukwa cha dzanja limodzi. Mukamvetsa pamenepa, ukali wa kasankhidwe kake simungaudabwe.

Kuno ku America satifiketi yoyamba ya bungwe la USPA imafuna kuti udumphe maulendo 25, yapamwamba 500. Komatu pepalalo silikuitanitsa kulikonse. Umayamba ndi anthu anayi, kenako asanu ndi atatu, kenako makumi awiri, zaka zikupita. Ukakhwimako umalembetsa ku misasa yophunzitsira ngati imene imachitika ku Perris kuno ku California, kumene akatswiri monga Kate Cooper-Jensen ndi Dan Brodsky-Chenfeld akhala akusula anthu. Kumsasa kulakwitsa n'kololedwa, ndiye chimene wapitira. Koma usaiwale kuti aphunzitsi omwewo ndiwo adzasankhe anthu a gulu lalikulu, ndipo maso awo sagona.

Nthawi ikakwana umadzaza fomu: wadumpha kangati, kangati m'miyezi yapitayi, gulu lalikulu limene unalowamo n'kumaliza linali la anthu angati, umalemera bwanji. Kulemerako si mwano ayi. Wopepuka amamanga lamba wa zitsulo kuti asatsalire m'mwamba, wonenepa amavala chovala chokhuthukira kuti mphepo imugwire. Pansi pa fomu pali mzere wofunika kuposa yonse, wa mayina a atsogoleri amene anakuonapo ukudumpha. Ndipo amawaimbiradi foni.

Apa ndi pamene achimwene aja anganene kuti, "Si nanga! Kudziwana komwe kuja." Inde, munthu wosadziwika salowa. Koma taganizirani mmene timachitira kwathu. Ukafuna ntchito kapena malo a sukulu umapita kwa abusa, kwa ahedi kapena kwa amfumu, ndipo kalata imatuluka yonena kuti ndiwe mwana wakhalidwe, wolimbikira, woopa Mulungu. Kukana kulemba kalata yotere kumaoneka nkhanza. Amalume akakulankhulira kwa mnzawo wa ku ofesi, iwe n'kukalephera ntchitoyo, amalumewo saluza kanthu, mwina amangoti mwanayu watichititsa manyazi, nkhani n'kutha. Kuno wokuikira umboni mawa lake amakhala m'mlengalenga momwemo, mwina mamita ochepa kuchokera pamene uli iwe. Akanama, thupi limene lidzawombedwe likhoza kukhala lake.

Ngozi yeniyeni siili pogwirana. Ili pobalalika. Nthawi ikatha, anthu a kunja kwa bwalo amayamba kutembenuka n'kuthawa, kenako otsatira, mpaka a pakati, gulu lililonse n'kutsegula parachuti pa msinkhu umene linauzidwa. Wina akathawira kolakwika, kapena akatsegula msanga pansi pa mnzake, pamachitika maliro. Onjezani kuti magulu akuluakulu amadumphira kutali kuposa masiku onse, mamita 5,000 kapena kuposa, kumene mpweya ndi wochepa moti m'ndege mumapumira m'timapaipi, ndipo mutu suganiza mwachangu. N'chifukwa chake atsogoleri safunsa kwambiri ngati uli ndi luso lodabwitsa. Amafunsa ngati umachita zomwezomwezo tsiku ndi tsiku, ndiponso ngati umamva ukauzidwa.

Tsono vidiyo. Mukangotera n'kupinda maparachuti, nonse mumakhala pansi kuonera zimene ojambula atenga. Amaimitsa chithunzi, n'kuloza: uyu wachedwa, uyu wagwera pansi pa gulu, uyu wafika mwamphamvu n'kugwedeza anzake onse. Kukana kulibe. Kamodzi akhoza kukusintha malo. Ukabwereza, dzina lako limachoka pa bolodi, n'kulowa wina wa gulu la odikirira limene limakhala likudumpha pambali. Ndinaonapo bambo waimvi, dokotala wolemekezeka, atachotsedwa kuti alowe mtsikana amene amapeza ndalama popindira anthu maparachuti. Bambowo anapita kukam'thandiza kumvetsa malo akewo.

Ndinakumbuka timu ya mpira ya m'dera lathu. Mwana wa bwana amene anagula yunifomu ankasewera mphindi zonse 90 ngakhale miyendo itakana, ndipo tonse tinkadziwa chifukwa chake. Kukwaya nakonso, ndani angauze mayi wamkulu kuti mawu awo akusokoneza? Timatuma munthu, timazungulira, timati mwina akapume kaye. Sindikunyoza mwambo umenewu. Umasunga ulemu wa munthu, ndipo kuno ndaona atsogoleri ena akukalipira munthu pagulu mopanda chifundo mpaka munthuyo kuwasiya masewerawo. Atsogoleri abwino amachita mofanana ndi kwathu: amakuitanira pambali madzulo, kukuuza chifukwa, n'kukuuzanso chochita kuti chaka chamawa ubwerere. Kusiyana kwake n'kwakuti ulemuwo susintha chigamulo. Kwathu kawirikawiri umasintha.

Musaganize kuti kuno n'chilungamo chokhachokha. Vidiyo imaweruza okhawo amene afika pakhomo, koma pakhomopo amakufikitsa ndi thumba. Parachuti yakoyako ndi madola masauzande angapo. Ulendo uliwonse wa ndege umalipira, msasa umalipira, nyumba zoyesereramo kuuluka pa mphepo ya makina nazo amawerengera pa miniti. Ukachotsedwa tsiku lachiwiri, tikiti yako ndi ndalama ya malo ogona palibe akubwezera. Kudumphako kukakhala kudziko lina, wa pasipoti ya Malawi amayamba walimbana ndi viza anzake atasungitsa kale malo. Kwathu odumpha ndi parachuti amene timawadziwa ndi asilikali a ku Senga Bay ku Salima, ndipo iwo amasankhidwa mwa usilikali, pa ntchito ina. Mnyamata wamba wa ku Ndirande amene angathe kukhala katswiri ayenera kuyamba wapeza ndalama yofikira ku South Africa, malo ngati Carletonville kufupi ndi Johannesburg, asanaone n'komwe khomo la ndege lili lotsegula.

Mwezi wathawu mnzanga wina wochokera dziko loyandikana ndi kwathu, amene timadyera limodzi nsima Lamlungu, anandipempha kuti alembe dzina langa pa fomu yake. Amauluka bwino, koma pobalalika amayang'ana pansi osati m'mbali, ndipo ndinamuuzapo kawiri konse. Ndinamuyankha kuti akonze kaye chimenechi, tidumphe limodzi miyezi ikubwerayi, kenako ndidzaimba foni ndekha. Anati, "Ndiye chibale chili pati, achimwene?" Lamlungu lapitali sanabwere kudzadya. Loweruka ndinamupeza ku Perris atalembetsa dzina lake m'ndege imene ndinalimo, ndipo analipira wojambula kuti azimutsatira pobalalika.